Tsekera wafika pa Boma

Bwerani muime apa, pambali pa chiwaya, mbali imene utsi sukulowera m'maso. Musayang'anitsitse, angatizindikire. Lero ndi Lachisanu, mwezi wa Sepitembala, pa Dowa Boma, ndipo kamphepo ka m'mapiri kakadalumabe ngakhale dzuwa lakwera. Minibasi ya ku Lilongwe yaima pa siteji, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha basi. Anyamata a kabaza atsamira njinga zawo, akukangana za mpira. Ndiye taonani uko kumene msewu ukutsika: mitolo itatu ya udzu ikubwera yokha, ngati yamera miyendo.

Pansi pa mtolo uliwonse pali mayi. Nkhope sizikuoneka, mukungoona zitenje ndi mapazi otuwa ndi fumbi. Mtolo ndi wautali kuposa mwini wake, watsogola kutsogolo, watsalira kumbuyo, ndipo mayi akati atembenuke, msewu wonse ukumupatsa malo. Galu amene anagona m'mphepete wadzuka yekha osathamangitsidwa. Afika pansi pa mtengo wa bulugama, wamkulu mwa atatuwo wapendeketsa khosi pang'ono, mtolo pansi phuu, fumbi kobo. Watola nkhata yake, waikung'untha pa bondo, wapukuta nayo thukuta la m'khosi. Palibe amene waitanira malonda. Udzu suitanira, woufuna amauona ali patali.

Ndipo wauonadi. Mdala uyo wa jekete lotuwa m'mapewa, wa chipewa cha mlaza, amene anakhala pa benchi ya tiyirumu chiyambire m'mawa osagula kanthu, wadzuka. Sakufulumira. Wayamba waima kaye patali, manja kumbuyo, ngati munthu wongodutsa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka, kaya inu bambo?" Mayi wapinda maondo pang'ono, waomba m'manja mofewa.

"Tadzuka. Tsekera ameneyu ndi wa kuti?"

"Wa kuseri uko, mbali ya ku Kongwe. Kwathu kuno kulibe. Dambo lina anyamata a mbewa anatentha tisanamwete, lina alima tomato."

Tsopano penyetsetsani manja a mdalayo, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo. Wasolola kaphesi kamodzi, wakaimika pansi, wakayeza ndi msinkhu wake: kapitirira chipewa. Wakapinda pa chala kuti aone ngati kathyoka msanga. Wagwedeza ngala yake, palibe chimene chayoyoka. Kenaka wapinda mkono wa jekete, wapisa dzanja pakati penipeni pa mtolo, ndipo watulutsa kaudzu kena n'kukanunkhiza.

Mayi waseka. "Pisani mkono wonse, bambo, mpaka m'khwapa. Mukapeza waufupi wobisika m'kati, mutenge mtolo wonse ulere."

"Sindikukukayikirani, mayi. Dzanja linazolowera. Munamweta liti?"

"Mu Julaye, utauma bwino, mbewu zitagwa."

Mdala wagwedeza mutu. Za mtengo sanatchule ndi pakamwa. Mayi waonetsa zala, mdala wagwira pachibwano, wapinda chala chimodzi cha mayiyo ngati akutseka chitseko. Mayi wachitambasulanso, waloza phiri limene watsika, waloza khosi lake. Mdala wayang'ana phirilo kanthawi, ndipo wavomera ndi chipewa. Mitolo iwiri. Wachitatu, wa mtsikana wamng'ono uja, wati ndi wabwino koma thumba lakana.

Apa ndi pamene mnyamata wa kabaza, uyo wa jezi yofiira, walephera kudzigwira.

"Madala, zoona zake mukugula udzu chaka chino? Ana sakukuponyerani kangachepe pa foni? Malata ali pompa pa hadiweya. Mukhoma kamodzi, mwathana nazo, shapu."

Mdala sanadzutse mutu. Akumanganso chingwe cha mtolo.

"Iwe mwana, unabadwira m'nyumba yanji?"

"Ya udzu."

"Unanyowa?"

Siteji yonse yafa nalo phwete. Wa tchipisi mpaka wasiya chipande, akugwira m'mimba. Mnyamatayo nayenso akuseka, akukanda kumutu, koma sanachoke. Wakokera njinga yake pafupi.

"Udzuwu si wanga," mdala wapitiriza, mawu atatsika. "Ndi wa alongo anga aakulu. Mwana wawo ali ku Joni, anatumiza ndalama, tinaumba njerwa, tinawotcha, tinamanga nyumba ya malata, mawindo a magalasi. Yokongola, aliyense wodutsa amaima. Alongo anga anagonamo masiku atatu. Lachinayi ndinawapeza akukoka mphasa kubwerera m'nyumba yawo yakale. Ati mu Okutobala m'menemo ndi mu uvuni. Mu Juni malata amachita mame, amakudontheza uli m'tulo. Mvula ikagwa sumva wailesi, sumva mdzukulu akulira. Ndiye nyumba ya malata ikugona matumba a chimanga, feteleza, njinga, ndi alendo akabwera. Mwini wake ali m'nyumba ya udzu. Ine monga mlongo wawo, denga lija ndi mlandu wanga."

Ndamuyang'ana mayi wa udzu uja. Akugwedeza mutu ngati nkhaniyo ndi ya kwawo. Ndipo ndi ya kwawodi, ndi ya kwathu tonse. Yendani m'midzi kuchokera ku Mponela kukafika ku Ntchisi, muona mabwalo ambiri ali ndi nyumba ziwiri zoyang'anizana, ina ikunyezimira, ina yakuda ndi utsi, ndipo moto, mphika ndi macheza zili kwa yakudayo. Sindikunyoza malata. Amene anadzukapo usiku kusuntha mphasa, kutchera mbale pamene pakuthonya, amadziwa chifukwa chake munthu akagulitsa fodya amayamba wathamangira ku hadiweya. Amene anaonapo denga la udzu likuyaka m'chilimwe, anthu atangogwira m'chiuno chifukwa palibe chochita, safuna kuuzidwa zambiri. Kamuzu ankatchula nyumba yosadontha pamodzi ndi chakudya ndi zovala m'misonkhano yake, boma la 2014 linabwera ndi malata ndi simenti zotsika mtengo, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba yoposa imodzi mwa zitatu zilizonse m'dziko muno ikadali ya dothi ndi udzu. Zonsezo timazidziwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti pothawa denga lothonya, tayamba kuyankhula ngati denga lililonse la udzu linkathonya, ngati makolo athu anakhala zaka mazanamazana akunyowa osapeza nzeru. Denga lothonya ndi la udzu wochepa, kapena la munthu wofolera mothamanga. Lofoleredwa ndi manja ngati awa mvula inkangolitsetsereka.

Tabwerani tisendere, mdala wanjuta. Watola kamtengo, wasalaza fumbi ndi chikhatho. Anthu ayamba kuzungulira: wa tchipisi, mtsikana wa Airtel Money amene wasiya ambulera yake koma akuiyang'ana ndi diso limodzi, ndi bambo wina wa malaya oyera wonyamula makope, ooneka kuti ndi aphunzitsi.

"Ukhoma chikhomo apa," wabaya pakati. "Umanga chingwe, uzunguliza." Walemba bwalo losalala ngati wagwiritsa mbale. "M'mzere umenewu ukumba maenje. Mitengo si iliyonse ayi. Muwanga, naphini, mkalati. Imeneyo chiswe chimaluma n'kulavula. Kumunsi kwake umayamba wawaula pamoto. Ukaimika, ubweretsa mbaliro, nsungwi kapena timitengo towongoka, ina kunja ina m'kati, n'kumanga ndi luzi la mombo loviika m'madzi. Likamauma limadzikoka lokha, limagwira kuposa waya."

"Misomali ingati?" wafunsa wa kabaza.

"Msomali wa chiyani?"

"Nyumba yonse?"

"Ngakhale umodzi."

Mnyamata waimba kaluzu, wayang'ana anzake.

"Mukatha inu abambo ndiye timalowa ife," mayi wa udzu walanda nkhani, ndipo mdala wamupatsa mpata ndi dzanja. "Madzi timatunga ndife. Dothi la pachulu, kuliponda ndi mapazi mpaka lifewe ngati nsima. Wina ali m'kati, wina ali kunja, mukuponya, mukumata, mukucheza kudzera m'mipata mpaka mpata womaliza utatsekeka, mnzako osamuonanso. Likauma limang'aluka, mubwerezanso. Kenaka kuzira pansi ndi mwala wosalala. Amayi anga ankakatenga dothi lakuda kudambo, lofiira kumtunda, loyera kumtsinje, n'kulemba mizere m'munsi mwa chipupa. Nyumba yawo inkadziwika usanafunse." Watambasula chikhatho, wachiyang'ana. "Zala zawo zinkaoneka pachipupa. Tinkaikamo zathu kuyeza ngati takula."

Kwakhala kachete pang'ono. Ngakhale kondakitala uja waleka kukuwa.

"Tsono denga," mdala wabwerera pa bwalo lake, walemba mizere yochokera pakati ngati masipoko a njinga. "La nyumba yozungulira tinkamangira pansi. Phaso lililonse likumana ndi linzake pansonga, mbaliro zizungulira, lonse likhala ngati dengu lalikulu. Likatha umaitana mudzi. Thobwa ali apo, mowa uli apo. Amuna azungulira, wina awerenga, hiii, denga m'mwamba, likuyenda ndi miyendo makumi awiri mpaka likakhale pachipupa. Ndiye nsanamira kuzungulira, khonde lituluke ndithu, kuti mvula isanyambite chipupa. Pofolera umayambira m'munsi kukwera, mzere wapamwamba uphimba wapansi, ngati nthenga za nkhuku. Nkhuku inayamba yanyowapo pakhungu?"

Mutu umodzi susenza denga. Tonse tinauloweza kusukulu mwambi umenewu, tinaulemba pa mayeso, andale amaunena pa maikolofoni. Koma nditaima pano, ndikuyang'ana kabwalo ka m'fumbi, ndi pamene ndaumva kulemera kwake m'khosi. Amene anauyamba sankaphiphiritsa. Ankanena za mitengo yaiwisi yomangidwa pamodzi, imene munthu mmodzi sangainyamule ngakhale atadya chotani. Munthu wokangana ndi mudzi wonse denga lake linkakhala pansi, nkhuku zikuseweramo. Ndipo kuno kwa Achewa, kumene mwamuna ankapita kukakhala kwa mkazi, nyumba inali mayeso oyamba a mkamwini. Apongozi sanena kanthu, angodutsa ndi mtsuko, diso lili pa mfundo za luzi. Mvula yoyamba ndi imene inkapereka zotsatira.

Aphunzitsi aja akhala akusisita foni kwa kanthawi. Tsopano anjuta pafupi ndi mdala, makope pa bondo.

"Agogo, taonani iyi. Mundiuze ngati anafolera bwino."

Mitu yonse yaunjikana pa kagalasi. Inenso ndasuzumira pa phewa la wa tchipisi. Ndi nyumba yaitali, yamawindo ang'onoang'ono, mitengo yakuda ikuonekera m'chipupa mopingasana, maluwa pabwalo, ndipo pamwamba pake udzu wokhuthala, wometedwa bwino m'mphepete.

"Ndi loji ya ku Salima?" wafunsa mtsikana wa Airtel Money.

"Ndi ku England. Mudzi wake ndi Shottery, pafupi ndi Stratford-upon-Avon. M'menemu ndi mmene anakulira Anne Hathaway, mkazi wa William Shakespeare, yemwe uja wa mabuku amene amakuvutani ku fomu folo."

"Aaa, sala, musatinamize," wa kabaza wakana. "Azungu m'nyumba ya udzu? Anali amphawi?"

"Anali alimi ochita bwino ndithu. Zipupa zina n'zolukidwa ndi timitengo n'kumata dothi, ngati mmene anenera mayiwa."

Mdala watenga foni ndi manja awiri, ngati akulandira mbale kwa apongozi. Aphunzitsi amuonetsa kakulitsidwe ka chithunzi, ndipo zala zake zokhakhala zatambasula denga lija mpaka ladzaza galasi lonse. Akuliwerenga. Milomo ikuyenda.

"Kutsetsereka kuli bwino, madzi sangakhalepo. Udzu sanaumire, waunjikana ngati matiresi. Pamsana apa anabwereza kawiri n'kupanikiza ndi timitengo, chifukwa ndi pamene denga limayambira kufa. Ameneyu amadziwa ntchito." Waima pa chumuni. "Koma utsi akuutulutsira apa. Ndiye udzu wawo sudya mwaye. Ife utsi umadutsa m'denga momwemo, umalidetsa, tizilombo tofumbwa mitengo timathawa. Khitchini ya alongo anga phaso lake ndi lakuda bii, lonyezimira, ndinamanga ndi malemu alamu anga, mpaka lero silinafumbwe." Wabweza foni. "Mwini wake alipo?"

"Mayiyo anamwalira mu 1623. Nyumbayo mbali yake yakale inamangidwa mu 1463."

Mdala wawerenga pa zala, wasiya.

"Ndiye sanasasule?"

"Sanasasule. Mu 1892 bungwe lina linaigula kuti liziisamala. Udzu ukatha amafoleranso."

"Zaka zonsezo nyumba ya malemu ili chiimire?" Mayi wa udzu wagwira pakamwa. "Ndiye amagonamo ndani?"

"Sagonamo munthu, mayi. Alendo amalipira pakhomo kuti alowe, aone, atuluke."

"Kulipira kuti uone nyumba ya udzu!" Wa kabaza wamenya chishalo cha njinga. "Ase, ndiye kwathu tikanakhala mabwana. Geni imeneyi bwanji sitinaidziwe?"

Anthu aseka, koma mdala sanaseke. Akuyang'ana kabwalo kake m'fumbi, kamene phazi la wina lafufuta kale mbali imodzi.

Funso lake lija, lakuti sanasasule, ndi limene landikhala m'mutu. Iye sanadabwe kuti azungu ankafolera ndi udzu. Wadabwa kuti nyumba yapitirira mwini wake. Kuno nyumba inali ndi msinkhu wa munthu. Inkamangidwa ukalowa m'banja, inkakalamba nawe, ndipo pamwambo wa Achewa mwini wake akamwalira, ikafika nthawi yake, nyumbayo ankaigwetsa. Dothi linkabwerera kudothi. Midzi nayo inkasamuka nthaka ikatopa, kapena imfa zikachuluka, kapena nkhondo ikayandikira, monga mmene anthu ankathawira m'nkhalango ya pa phiri la Ntchisi masiku a nkhondo za Angoni. Onjezanipo chiswe ndi mvula ya m'mapiri muno. N'chifukwa chake simungapeze nyumba yomata ya zaka mazana asanu ku Dowa. Mupeza bwinja: mitengo ya mango yoima mozungulira popanda nyumba, timilu ta dothi pamene maungu amabereka modabwitsa, mphero yosweka m'tchire. Wamkulu wa m'mudzi akakuimikani pamenepo amakuuzani khomo lililonse kumene linkayang'ana.

Wofuna nyumba zakale zoti azikhudze amapita ku Mvera, kumene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayambitsa mishoni mu Novembala 1889 m'dziko la mfumu Chiwere, kapena ku Kongwe kumene Robert Blake anakhazikika mu 1894. Kumeneko za njerwa ndi zimene zatsala. Koma amishoniwo atangofika anagonapo m'nyumba za mitengo, dothi ndi udzu, zomangidwa ndi manja a anthu a komweko, ndipo boma la atsamunda litafuna kutiwerenga m'zaka za m'ma 1890 linawerenga madenga omwewa, n'kuika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu. Mandala House ya ku Blantyre, ya 1882, timaitchula kuti ndi nyumba yakale kwambiri m'dziko muno. Komatu mfundo ya luzi imene mdalayu akuidziwa ndi yakale kuposa Mandala, kuposa Mvera. Inafika kwa iye kudzera mwa atsibweni ake, iwonso kwa atsibweni awo, nyumba ikugwa, ina ikudzuka, mfundo ili yomweyo. Azungu aja anasunga nyumba imodzi n'kuitchingira mpanda. Ife tinkasunga kamangidwe, ndipo tinkakasunga m'manja mwa anthu. Ubwino wake, moto sungakatenthe. Kuopsa kwake, m'badwo umodzi ukangokana kukwera padenga, palibe chipupa chotsala choti mdzukulu adzaonerepo.

Ndipo zinthu zasintha kale pansi pa manja omwewo. Nyumba yozungulira yatsala kukhitchini ndi kwa agogo, zambiri tsopano ndi za ngodya zinayi. Mitengo itayamba kusowa, anthu a kuno anatembenukira ku mdindo, kutsendera dothi lonyowa m'chikombole cha matabwa mzere ndi mzere, kapena ku zidina. Muwanga wowongoka woti ukhale nsanamira lero uli m'nkhalango zotetezedwa za Kongwe ndi Ntchisi, kumene nkhwangwa ndi mlandu. Phaso ndi la bulugama, limene chiswe chimadya ngati chinangwa. M'malo mwa luzi pali linya la m'matayala. Pansi pa udzu amayala pepala lakuda la pulasitiki, kuti udzu wochepa ukwane, ndipo dzuwa likaliphika zaka ziwiri limang'ambika lokha. Udzu womwewo ukulimbiranidwa: mlimi wa fodya akuufuna pa chigafa, ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, kumene kwadzaza anthu oposa 50,000, akuufunanso, ndipo madambo akusanduka madimba.

Imani kaye, kwabwera galimoto. Pikapu yoyera yaima mwafumbi, mawindo akuda. Watsika bambo wa magalasi a dzuwa, makiyi akuzungulira pa chala, mimba yatsogola. Sanapereke moni.

"Mayi, udzu wonsewu ndatenga. Anyamata, kwezani."

"Takulandirani, bwana," mayi wayankha, osasuntha. "Umodzi uwo ulipo. Iwiriyi yagulidwa."

"Ndani? Walipira?"

"Tagwirizana."

Bwana watulutsa chikwama, wanyambita chala. Akuti akumanga masamahati anayi pamalo ake omwera ku Lilongwe, makasitomala safuna kukhala pansi pa malata, amati kukutentha, amafuna zachikhalidwe. Watchula mtengo mokweza kuti aliyense amve, ndipo ndi woposa wa mdala ndi zala ziwiri zathunthu. Taonani nkhope ya mayiyo. Wayang'ana ndalama. Wayang'ana phiri lija. Wayang'ana mdala, amene wachotsa maso ake dala, akuyang'ana nsapato zake kuti asamulemetse. Mayi wamasula chitenje, wachimanganso mothina.

"Bwana, bambowa apisa mkono mu udzu umenewu. Ndi wawo. Mukafuna wambiri, munene tsiku, tikauza anzathu kumudzi, mudzabwere ndi galimoto mpaka kumene msewu wathera. Makosi athu apumeko."

Wa tchipisi waomba m'manja kamodzi, mosaganiza. Bwana wavula magalasi. Akuoneka kuti si munthu woipa, anangozolowera kufulumira. Waseka, wagula mtolo wa mtsikana uja pamtengo wokwerawo, mtsikana akubisa kumwetulira m'chitenje.

Ine sindimuda bwanayo. Ndalama zake ndi zimene zikuchititsa kuti ofolera ena asataye ntchito yawo, ndipo madenga a m'maloji a ku Senga Bay ndi m'mabala a mu Lilongwe, opesedwa udzu umodziumodzi n'kumenyedwa ndi thabwa mpaka kusalala, ndi ntchito yokoma m'maso. Koma mtengo umene iye watchula lero, mawa ukhala mtengo wa aliyense, ndipo mayi wamasiye wa kuseri kwa phiri, amene denga lake likuonetsa nyenyezi, adzaupeza pomwepo. Udzu umodzimodzi, kumudzi ukutchedwa umphawi, m'tauni ukutchedwa chikhalidwe. Ndikanakonda ana a kumudziko akanamva dzina lachiwirilo akadali kwawo.

"Kodi wofolera wabwino ndingamupeze kuti kuno?" bwana wafunsa, akupukuta magalasi. "Amene ndinamulemba wandipangira zinthu za ziii. Mvula isanagwe n'komwe, denga layamba kale kusosoka."

Palibe amene wayankha ndi pakamwa. Mitu yonse yangotembenukira kwa mdala. Bwana watsata maso a anthu, waona jekete lotuwa, waona kabwalo m'fumbi, ndipo mawu ake asintha.

"Pepani bambo, sindinakupatseni moni. Muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Mungakaone ntchito yanga?"

"Ndikamaliza denga la alongo anga. Mitambo yayamba kusonkhana madzulo."

"Nambala yanu?"

"Ndilibe foni."

"Lembani yanga, bigi!" wa kabaza walumpha. "Madalawa ndi a kwathu, ndikudziwa pakhomo pawo. Mukaimba ine, ndiye kuti mwaimbira iwo." Watchula manambala mofulumira, bwana walemba, waimba kuti aone, foni yalira m'thumba la jezi yofiira. Pikapu yanyamuka, mtolo umodzi ukugwedera kumbuyo.

Mdala walipira mayi, ndalama zochokera m'kathumba ka m'kati mwa jekete, zopindidwa kanayi, wapereka ndi manja awiri. Kenaka wamuyang'ana mnyamatayo kuchokera kumutu mpaka kumapazi, mmene anayang'anira tsekera uja.

"Ndiye wati ndiwe foni yanga."

"Eya, madala. Kangachepe ka mayunitsi basi."

"Foni yanga imakwera nane padenga."

"Aaa, ine pamwamba ndimachita chizungulire."

"Uziponya mitolo uli pansi. Sabata yoyamba." Mdala waloza udzu. "Kweza. Ayi, osati choncho, uthyola ngala. Matako a udzu atsogole."

Mnyamata watembenuza mtolo. Watulutsa mphira wake womangira katundu, wayamba kukulunga, koma mdala wamugwira dzanja, wasolola kachingwe ka luzi kamene mayi anamangira mtolo, wakanyowetsa ndi malovu, wakazunguliza kawiri, wakapotokola, wakalowetsa pansi. Wamasula. Wamupatsa. Mnyamata wayesa, chathawa. Wayesanso, lilime lili panja, anzake akumukuwiza kuti wasiya kabaza walowa ukamwini. Kachitatu chagwira. Mdala wakoka mfundoyo ndi chala, sanayamikire, wangoti, "Tiye."

"Khitchini ya amayi anga nayonso ikuthonya pakona," ndamumva mnyamatayo akunena chapansipansi, akukankha njinga.

"Tidzadutsa," wayankha mdala.

Ndi awo akukwera mtunda, njinga sikuoneka, mukungoona mitolo iwiri yopingasa ikudzaza theka la msewu, jezi yofiira mbali iyi, chipewa cha mlaza mbali iyo, minibasi ikuliza hutala kumbuyo kwawo. Amayi atatu aja akutola tiudzu totsalira pansi, akuti akamangira tsache. Wamkuluyo waitanitsa tchipisi ya anthu atatu, wati mchere achulutse.